Kampani ya ndege ikungoti "dikirani": kodi banki ingandithandize kubweza ndalama ya tikiti?

Funso

Alangizi, ndili ndi shopu ya zovala ndi nsapato pa Kamuzu Road ku Salima kuno. Pa 3 Malichi ndinagula tikiti ya ndege yopita ku Dubai kukaoda katundu, ndipo ndinalipira $860 pa intaneti ndi khadi langa la Visa. Ulendo unali wa pa 20 Malichi. Pa 14 Malichi ananditumizira imelo yoti ndegeyo sinyamuka tsiku limenelo, ndisankhe kusintha tsiku kapena kubwezeredwa ndalama. Tsiku lomwe anandipatsa linali la mu Epulo, anzanga omwe timayendera limodzi atapita kale, choncho ndinasankha ndalama. Anandiyankha kuti avomera, ndidikire masiku 21. Pano talowa mu Juni, palibe chomwe chalowa. Ndikaimba amangoti akukonza. Sabata yatha anandiuza kuti ngati ndatopa nako kudikira nditenge vocha yodzayendera ulendo wina. Theka la ndalamayi ndinakongola ku banki m'khonde, ndipo ikubereka mwezi ndi mwezi. Mwana wanga akuti banki yanga ikhoza kukailanda ndalamayi. Kodi ndi zoona?

Mayi Nabanda, Salima

Yankho

Mayi Nabanda, mwana wanuyo wanena zoona. Pitani ku banki sabata yomwe ino, ndipo vochayo musailandire. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa nkhani iyi kudekha kukukudyerani masiku omwe simudzawapezanso.

Njira yomwe mwana wanu akunena imatchedwa chargeback. Mukalipira ndi khadi, ndalama sichoka m'manja mwanu n'kugwera mwa wogulitsa mwachindunji. Imadutsa ku banki yanu yomwe inakupatsani khadi, kenako ku Visa kapena Mastercard, kenako ku banki yomwe imalandirira ndalama kampani ya ndegeyo. Onsewa anasainirana malamulo, ndipo mwa malamulowo muli loti wogulitsa akalandira ndalama koma osapereka chomwe munagula, banki yanu ikhoza kuitanitsa ndalamayo kudzera njira yomwe inapitira. Kampani ya ndege sipemphedwa chilolezo. Imangouzidwa kuti ndalama yabwezedwa, ndipo ngati ikutsutsa ibweretse umboni.

Ambiri akamva nkhaniyi amaganiza kuti ndi ya anthu a makhadi a ngongole okhaokha. Kuno kwathu makhadi a ngongole ndi ochepa. Ambirife tili ndi khadi lomwe limatapa mu akaunti yathu yomwe, lija timatengera ndalama pa ATM. Musade nkhawa. Ngati pakhadipo pali chizindikiro cha Visa kapena Mastercard ndipo munalipira ndi khadilo, njirayi ndi yotseguka kwa inunso. Wina pa kauntala akakuuzani kuti "izi n'za makhadi a ngongole basi", musabwerere pomwepo, pemphani kuti alembe dandaulo lanu ndipo alitumize ku dipatimenti ya makhadi ku likulu.

Tsopano za masiku, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwera.

Visa imapereka masiku 120 oti banki yanu ikasume. Mastercard nayonso pa madandaulo a mtundu uwu imapereka 120. Poyambira kuwerenga pamasiyana malinga ndi momwe dandaulo lalembedwera. Likalembedwa kuti simunalandire chomwe munagula, akhoza kuyambira tsiku lomwe munayenera kuuluka, bola asadutse masiku 540 chigulireni. Likalembedwa kuti analonjeza kubweza koma sanabweze, amayang'ana tsiku la lonjezolo. Kwa inu masiku ake ali chonchi: kuwerenga kuyambira pa 20 Malichi, nthawi ikutha pa 18 Julayi, kuyambira pa 14 Malichi, ikutha pa 12 Julayi, kuyambira tsiku lomwe munagula, ikutha pa 1 Julayi. Ine ndimauza aliyense kuti atenge tsiku loyambirira kwambiri, ndiye inu m'mutu mwanu muike 1 Julayi. Ndiponso kumbukirani kuti masikuwa ndi oti banki ikhale itatumiza nkhani yanu ku Visa, osati oti inu mufike pa nthambi ya ku Salima ndi mapepala. Fomu imayenera kuchoka ku Salima, ikafike ku likulu, wina aiwerenge, mwina akubwezereni kuti pasowa pepala lakuti. Zonsezi zimadya masiku.

Sindikunena kuti kampani ya ndege ikuchedwetsa dala kuti nthawiyi ithe. Nthawi zambiri kumangokhala kuti pempho lanu lagona pamulu wa anzake. Koma kaya ndi dala kaya ayi, zotsatira zake kwa inu n'zimodzi: masiku 120 akadutsa, banki yanu idzakugwirani m'manja mwaulemu n'kukuuzani kuti palibe chomwe ingachite, ndipo mudzatsala inu nokha ndi foni yomwe imangoti akukonza ija.

Za vocha. Mukailandira, kapena kungodina batani loti mwavomera mu imelo, kampaniyo idzauza Visa kuti nkhani inatha, kasitomala anasankha yekha. Pamenepo dandaulo lanu limakhala lafa. Vocha imakhala ndi tsiku lothera, kawirikawiri imagwira pa kampani yomweyo basi ndiponso pa dzina lanu lokha, ndipo mtengo wa tikiti ukakwera mumaonjezera nokha. Kwa munthu amene akudziwa kuti mwezi wamawa akuulukanso ndi kampani yomweyo, ndipo alibe ngongole pamsana, ikhoza kukhala yabwinoko. Inu muli ndi amayi a ku banki m'khonde omwe akudikira tsiku lokumana, ndipo iwo salandira vocha. Komanso kampani ikagwa, vocha imagwa nayo. Comair ya ku South Africa itasiya kuuluka mu Juni 2022 n'kuthetsedwa, amene anagula matikiti ndi makhadi anali ndi khomo la ku banki loti akagogode, pomwe ena anangolowa pamzere wa anthu omwe kampaniyo inali nawo ngongole.

Musanakwere ulendo wa ku banki, chitani chinthu chimodzi lero lomwe. Lemberani kampani ya ndegeyo imelo yaifupi. Nenani nambala ya tikiti, tsiku lomwe anavomera kubweza, ndipo muwafunse funso limodzi: ngati ndalama inatumizidwa, andipatse ARN yake. Iyi ndi nambala ya manambala 23 yomwe imatuluka ndalama ikabwezedwa pakhadi, ndipo banki yanu ikhoza kuilondola nayo. Zimachitika ndithu kuti kampani inabweza kale koma ndalama yakodwa panjira, makamaka ngati khadi lomwe munalipirira linatha nthawi ndipo munalandira latsopano. Akaunti ikakhala yomweyo, ndalama imayenera kufikabe, koma nthawi zina pamafunika munthu woikankha. Akakupatsani nambalayo, ntchito yachepa. Akalephera, ndiye kuti sanatumize kanthu, ndipo imelo yanuyo yasanduka umboni woti munayesetsa kukambirana nawo. Visa imafuna umboni umenewu. Kuimba foni sikusiya phazi, imelo imasiya. Mu imelomo muwauzenso kuti vocha mwaikana, ndipo kuti pakatha masiku 7 nkhaniyi ikhala m'manja mwa banki. Koma musadikire kuti masiku 7 akwane musanapite. Nthawi yanu yatsala pang'ono, zinthu ziwirizi ziyendere limodzi.

Mapepala oti munyamule ndi awa: tikiti yomwe anakutumizirani, yoonetsa nambala yake ya manambala 13 ndi kodi ya zilembo 6 ya malo anu m'ndege, imelo ya pa 14 Malichi yolepheretsa ulendo, yankho lanu losankha ndalama, imelo yawo yovomera ndi lonjezo la masiku 21, ndi sitetimenti ya akaunti kuyambira Malichi mpaka lero, kuti ioneke kuti ndalama inatuluka ndipo sinabwerere. Zonsezi zipulinteni, pa Kamuzu Road pomwepo malo opulintira ndi ambiri. Musadalire kuonetsa wa ku banki pa foni. Chitupa chanu cha unzika musaiwale. Pepala lamphamvu pa onsewa ndi lija lomwe iwo eni anavomera kubweza, chifukwa kampani singakane mawu omwe inalemba yokha.

Mukafika ku nthambi, musangoti "ndalama yanga sinabwere". Mukatero akhoza kukupatsani fomu ya anthu omwe makina a ATM anawadula ndalama osawapatsa, yomwe ndi nkhani ina. Nenani kuti mukufuna kutsegula chargeback pa malipiro a pa intaneti a khadi la Visa, chifukwa kampani inalepheretsa ulendo ndipo sinabweze ndalama yomwe inalonjeza. M'malamulo a Visa, kusalandira chomwe munagula ndi 13.1, ndipo kusabwezeredwa ndalama yomwe analonjeza ndi 13.6. Kusankha pa ziwirizi ndi ntchito ya banki, koma mukawatchula manambalawa wokuthandizaniyo amadziwa kuti nkhani yanu ipite kwa ndani.

Pali msampha umodzi womwe anthu amautchera okha. Pa fomupo pamakhala bokosi loti "sindine ndinalipira". Ena amachonga limenelo poganiza kuti ndiye lachangu. Musayerekeze. Munalipira nokha, ndipo mwina munalowetsanso nambala yachinsinsi yomwe banki inakutumizirani pa foni. Zonsezo zinalembedwa. Kampani idzangoonetsa umboniwo, dandaulo lidzagwa, khadi lanu lidzatsekedwa, ndipo podzati mubwerere kudzanena zoona masiku adzakhala atatha. Nkhani yanu ndi yolimba mmene ililimu, siikufuna kuthiridwa mchere.

Musachoke opanda kope ya fomu yodindidwa chidindo cha tsikulo, nambala ya dandaulo, ndi dzina la ofesi yomwe mudzifunsako. Pakatha sabata, funsani funso ili: kodi nkhani yanga yatumizidwa ku Visa, tsiku liti? "Tikuiona" si yankho.

Ikatumizidwa, kampani ya ndege imapatsidwa pafupifupi mwezi kuti iyankhe. Ikakhala chete, ndalama ndi yanu. Ikatsutsa, banki idzakuonetsani zomwe yanena, ndipo mudzakhala ndi masiku ochepa oti muyankhe, choncho foni ndi imelo yanu muziziyang'ana. Chomwe makampaniwa amakonda kunena n'choti tikitiyo inali ya mtengo wotsika, yosabwezedwa. Yankho lake n'losavuta: lamulo limenelo limagwira wapaulendo akasintha maganizo yekha, koma apa amene analepheretsa ulendo ndi iwo, ndipo anavomera kubweza. Mabanki ena amaika ndalama mu akaunti mongoyembekezera nkhani isanathe, ena amadikira mapeto. Mukaiona yalowa, funsani ngati nkhani yatsekedwa musanathamange nayo kukaoda. Ndipo zikachitika kuti banki yabweza, kenako kampani ya ndege nayo yatumiza yake, musaione ngati mwayi. Auzeni a banki, chifukwa imodzi idzatengedwa, mwina tsiku lomwe mwasiya ndalama ya lendi mu akauntimo.

Kodi idzabwera yonse? M'madola, inde, $860 yomweyo. M'makwacha mwina ayi. Pogula tikiti banki inakugulitsani madola pa mtengo wa tsikulo, n'kuonjezera kachindapusa ka kulipira kunja. Pobwerera akhoza kusintha pa mtengo wa tsiku lobwererolo, ndipo kachindapusa kaja kawirikawiri sikabwerera. Kwacha ikagwa pakatipa, monga inagwera ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mu akaunti mukhoza kulowa makwacha ambiri kuposa omwe anatuluka. Musavine. Tikiti yatsopano idzafuna makwacha ambiri omwewo, nawonso katundu wa ku Dubai.

Chomwe chargeback singakubwezereni ndi chiwongoladzanja cha ku banki m'khonde, phindu lomwe shopu yataya pokhala yopanda katundu watsopano, kapena ndalama ya viza. Imabweza zomwe zinadulidwa pakhadi tsiku lija basi. Ngati munalipiriratu hotela ndi khadi lomwelo, imeneyo ndi nkhani yapayokha, ndipo hotelayo ikhoza kukana popeza chipinda chinalipo, osafika ndinu.

Pa ngongoleyo ndikulangizeni mosapsatira. Musamangire kubweza kwake pa ndalama ya tikitiyi, chifukwa ngakhale zonse zitayenda bwino pakhoza kutha mwezi kapena iwiri. Pa msonkhano ukubwerawu pitani ndi kope yodindidwa ija, muwaonetse anzanu kuti ndalama ilipo ndipo ikutsatidwa, ndipo mupemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono kuchokera mu zogulitsa za m'shopu. Katundu yemwe wakhalitsa pa shelefu mutsitseni mtengo atuluke. Kutaya pang'ono pa nsapato zomwe zakhala chaka n'kwabwino kusiyana n'kulola ngongole kubereka mwezi wina. Kwa akatapila musapondeko.

China ndi cha mbava. Mukakalemba dandaulo lanu poyera pa tsamba la Facebook la kampaniyo, musadabwe kulandira uthenga kuchokera kwa "wothandiza makasitomala" wokoma pakamwa, wopempha nambala ya khadi, manambala 3 a kuseri kwake, ndi nambala yomwe ibwere pa foni yanu, ati kuti akutumizireni ndalama lero lomwe. Kubweza ndalama sikufuna chilichonse mwa izi. Kampani ili nayo kale njira yomwe ndalama inadzera. Wopempha zimenezo akufuna kutapa, osati kuthira.

Banki yanu ikamazengereza, lembani kalata yodandaula kwa mkulu wa nthambi, musunge kope, ndipo mutchulemo tsiku la 1 Julayi kuti aliyense adziwe kuti nthawi ikutha. Zikakanikabe, mabanki onse m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi ya Registrar of Financial Institutions kumeneko imalandira madandaulo a makasitomala omwe banki yawo yalephera kuwathandiza. Dandaulo lokhudza kampani ya ndegeyo, ngati imagulitsa matikiti m'dziko muno, likhoza kupitanso ku Competition and Fair Trading Commission, yomwe imaona za ufulu wa ogula. Mwana wanu akafufuza pa intaneti apeza zoti ku Ulaya lamulo limakakamiza kubweza pasanathe masiku 7, ndiponso kuti ku America ndi masiku 7 ogwira ntchito kwa olipira ndi khadi la ngongole. Zonsezo n'zoona, koma zimakhudza maulendo a kumeneko. Ulendo wochokera pa bwalo la ndege la Kamuzu kupita ku Dubai sulowamo, choncho musataye nthawi kuwaopseza nazo.

Funso lina

Ine ndimachita geni ya mpunga ku Nkhotakota. Tikiti ya ku Johannesburg ndinagula kudzera kwa ejenti wa maulendo ku Lilongwe, ndinamutumizira ndalama pa Mpamba. Ulendo unalephereka. Kampani ya ndege ikuti ndikafunse ejenti, ejenti akuti akudikira kampani ya ndege. Ndipite ku banki?

Bambo Phiri, Nkhotakota

Yankho

Bambo Phiri, banki ilibe pogwira, chifukwa simunalipire ndi khadi. Ndalama yotumizidwa pa Mpamba, pa Airtel Money, yosamutsidwa kuchoka mu akaunti kupita mu inzake, kapena yoperekedwa pamanja, ilibe chargeback.

Koma kukankhirana kumeneku kuli ndi pothera. Kampani ya ndege imabweza ndalama komwe inachokera, ndipo kwa iyo amene analipira ndi ejentiyo. Lemberani kampaniyo, mupereke nambala ya tikiti ya manambala 13, mufunse ngati tikitiyo ikuoneka kuti inabwezedwa ndiponso tsiku lake. Ikayankha kuti inabweza, ndalama yanu ili m'thumba la ejenti, ndipo yankholo ndi lomwe mukamuonetse. Ikati palibe amene anapempha, ndiye kuti ejenti sanachite ntchito yake. Muuzeni kuti atumize pempholo ndipo akupatseni umboni wolembedwa. Ngati mulibe nambala ya tikiti, muli ndi kodi ya zilembo 6 yokha, chenjerani: n'kutheka kuti anangokusungirani malo osagula tikiti n'komwe. Uthenga wa Mpamba woonetsa kuti munatumiza ndalama musaufufute. Mulembereni kalata yomupatsa masiku 14, ndipo akapanda kulabada, tengani nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission kapena ku khoti la majisitireti. Ulendo wina, ngati ejenti ali ndi kamakina kolipirira ndi khadi, lipirani pamenepo, ndipo muone dzina lomwe latuluka pa sitetimenti, chifukwa amene dzina lake latulukayo ndi amene banki ingamutsate.

Ndi lomaliza

Mwana wanga wa ku Leeds anandigulira tikiti yochokera ku London kubwerera kuno ndi khadi lake la ngongole la komweko. Ndege inalephereka, anagulanso ina. Ndalama yoyamba ija sinabwere. Ndingakadandaule ku banki ya kuno?

Agogo Nasibeko, Chipoka

Yankho

Agogo, inu khalani pansi, ntchitoyi ndi ya mwana wanu, chifukwa wodandaula amayenera kukhala mwini khadi, ku banki yomwe inamupatsa khadilo. Ndipo iye ali pabwino kuposa tonsefe. Ndege yonyamuka ku London ikalephereka, lamulo la ku UK limati ndalama ibwezedwe pasanathe masiku 7. Kuonjezera pa chargeback, kuli Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974, yomwe imati pa chinthu cha mtengo wopitirira £100 mpaka £30,000 chogulidwa ndi khadi la ngongole, kampani ya khadi ili ndi udindo wofanana ndi wa wogulitsa. Pamakhala kukokana ngati tikiti inagulidwa kudzera kwa ejenti, kapena ngati wapaulendo si mwini khadi monga zililimu, choncho muuzeni ayambe ndi chargeback masiku 120 asanathe, Section 75 aisunge kumbuyo. Mumutumizire pa WhatsApp chithunzi cha tikiti yakale ija ndi uthenga uliwonse womwe munalandira pa bwalo la ndege tsiku lomwe ulendo unalephereka.